Mafuta a Pamtima ndi Nkhumba ya ku Biwi

Mpaka lero ndikafuna kukwera minibasi ya ku Area 25 ndimayamba ndasuzumira nkhope ya kondakitala. Alipo mmodzi, wa chipewa chofiira, amene akangondiona amasiya kuitanira anthu n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Malemu, lowani, malo alipo kutsogolo." Ine ndimangolowa. Ndingamuyankhe chiyani, poti munthuyo anandionadi ndi maso ake ndikutsanzika dziko lapansi, ndili pampando wachitatu, milomo ikunyezimira.

Zinayambira kuntchito. Ndimasunga katundu pa kampani ina ku Kanengo, ntchito yokhala pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Mimba inayamba kunditsogolera kalekale, koma kwathu ku Ntcheu mimba yotere amati munthu akupeza bwino m'tauni, ndiye sindinkadandaula nayo. Tsiku lina mabwana anaitana achipatala kuti adzatiyeze tonse. Namwino anandimanga chija chofufuma pamkono, anayang'ana, anamasula, n'kumanganso mkono winawo. Kenako anandifunsa ngati ndabwera ndikuthamanga. Ndinamuuza kuti ine kuthamanga ndinasiyira ku pulayimale. Anati magazi anga ndiwo akuthamanga m'malo mwanga, ndipite kuchipatala akandione mtima bwinobwino.

Kulakwa kwanga koyamba kunali kupempha akazi anga, mayi a Tadala, kuti andiperekeze. (Ndinkaganiza kuti tikatuluka kumeneko tidzera m'tauni kukadya kenakake. Taonani maganizo a munthu.) Dokotala anandigoneka, n'kundipaka zoterera zozizira pachifuwa, n'kumayendetsapo kachida kake uku akuyang'ana pakanema. Ine pakanemapo ndinkangoona mitambo ya mvula. Ndiye anangoti, mosatekeseka ngati akunena za nyengo, "Mtima ukupopa bwino, koma mafuta ouzungulirawa achulukirapo."

Analankhula zambiri pambuyo pake, ndikuvomera, chifukwa milomo ndinkaiona ikugwedezeka. Koma makutu anga anatsekera pa mawu akuti mafuta. Bambo anga anagwa m'munda khasu lili m'manja, munthu woti m'mawa womwewo ankaseka ndi ana, ndipo anthu anangoti ndi mtima. Anali a msinkhu umene ine ndikuyandikira panowu. Choncho pamene dokotala ankafotokoza za mapiritsi ndi zina, ine ndinali kale kumudzi, ndikusankha malo pafupi ndi bambo anga. Mayi a Tadala nawo anamva mawu omwewo. Kusiyana kwake n'kwakuti ine ndinachita mantha, iwo anachita ukali.

Titafika kunyumba botolo la mafuta ophikira linasamukira kuchipinda, m'sutikesi yokiya. Mchere unatsatira. Shuga ndinangomva kuti anasamuka, sindinamuone akupita. M'mawa uliwonse ndinkalandira kapu ya madzi otentha muli adyo, jinja ndi mandimu, zimene anamva kwa mnzawo kuti zimasungunula mafuta ngati sopo pambale. Kuntchito anzanga anayamba kundilankhula nkhope atalozetsa kukhoma. Ndiwo zanga zinali bonongwe wowiritsa m'madzi okhaokha, akasintha ndiye chisoso, uku ana akukukuta mafupa a nkhuku patebulo lomwelo, osandiyang'ana ngati kuti sitinaonanepo.

Tsiku lina ndinadandaula kuti dokotala sananene kuti ndife ndi njala. Mawa lake mayi a Tadala anabwera kuchokera ku bucha ndi mtima wa ng'ombe wathunthu, n'kuuika pambale pamaso panga ndikuonera mpira. Anatenga mpeni n'kundilozera mafuta oyera aja amene amakuta kumtunda kwake.

"Mwaona, bambo a Tadala? Wanu ukuoneka chonchi. Ndiye iyi ndi ng'ombe, inkadya udzu wokhawokha. Nanga inu wa chipisi?"

Ndinafuna kufunsa kuti ngati ng'ombe yodya udzu moyo wake wonse ili ndi mafuta otere, bonongweyo andithandiza chiyani ine. Koma mpeni unali m'manja mwawo. Phunziro litatha, mtima uja anauduladula n'kuukazinga ndi anyezi ndi tomato, fungo lake nyumba yonse mpaka kubafa, n'kudya ndi ana. Ine anandipatsa nkhwani.

Kenako nkhani inadumpha mpanda. Mayi a Tadala anakaipereka kwa amayi anzawo a kumpingo kuti azindikumbukira m'mapemphero, zimene si zolakwika ayi. Vuto n'lakuti nkhani ya ku Area 25 imanenepa ikamayenda. Inatuluka pageti ili mafuta ozungulira mtima. Pofika kumsika unali mtima wotupa. Pobwerera kwathu, madokotala anali atandibweza kuti ndikangodikirira kunyumba. Lamlungu masana anthu anayamba kubwera m'magulu, kudzaza pabalaza, kulankhula monong'ona, kuimba nyimbo zapansipansi zija sitiimba pa ukwati. Ndikawauza kuti ndili bwino ndipo mawa ndili kuntchito, ankayang'anana n'kugwedeza mitu, ati bamboyu ndi wolimba mtima. Mayi wina anandibweretsera phala la mgaiwa m'fulasiki, n'kufuna kundimwetsa yekha ndi supuni.

Koma woyang'anira matenda anga wamkulu anali a Mhango, oyandikana nawo nyumba, mkulu wa mpingo wochokera ku Rumphi, amene anapuma pantchito ya boma ndipo nthawi ali nayo yochuluka. Mimba yawo imaposa yanga kutalitali, kungoti iwo sanakayezetseko, ndiye mafuta alibe. Ankabwera ndikangoweruka kudzandiwerengera zimene apeza pafoni. Lero ati mafutawo amakulunga mtima n'kuufinya ngati nsato. Mawa ati ayi, amachita kuphulika munthu ali chiimire. Pomaliza ankandigwira paphewa n'kundilangiza kuti ndisamaganize kwambiri, chifukwa kuganiza kumakweza magazi.

Zonsezi ndinapirira. Chimene chinandipsetsa mtima (womwewo wa mafutawo) chinachitika pasiteji. Pali mkulu wina wa chiwaya amene ndakhala ndikumugula chipisi kwa zaka zambiri, mpaka ankadziwa yekha kuti ine kabichi sindifuna, amangodya malo pambale. Tsiku lina nditatsika basi ya kuntchito, miyendo inangokhotera yokha pamenepo. Mkuluyo anandipatsa moni mwaulemu, kenako anaima pakati pa ine ndi chiwaya.

"Pepani bwana, mayi anadutsa pano. Anati ndikadzakugulitsani, maliro ake ndidzayendetse ndine."

Ndinapita kwa mayi wa mandasi, yankho lomwelo. Wa zitumbuwa anachita kuphimba beseni ndisanafike n'komwe. Munthu wamkulu, wa banja, wolemekezeka pantchito, kukanizidwa mandasi m'dera langa lomwe, anthu akuona. Ndinafika kunyumba n'kupeza chisoso chikundidikira.

Apa m'pamene ndinakumbukira Biwi. Ndi kutali, mbali ina ya mzinda, ndipo kulibe wondidziwa. Pakhomo pathu pali kagalimoto kanga kamene kanaima kalekale, nkhuku zimaikiramo mazira. Loweruka lina ndinalengeza kuti ndatopa kukaona katangokhala, ndikupita ku Biwi kukafufuza sipeya. Mayi a Tadala anakondwa kwambiri, ati kuyendayenda kumathandiza. Anandisitira malaya oyera, n'kundilongezera nthochi ndi botolo la madzi a adyo aja. Anandiperekeza mpaka pageti. Chikumbumtima chinandigwira pang'ono, koma chinandisiya ndisanafike pasiteji.

Ku Biwi mashopu a masipeya ndinawadutsa osacheuka. Mphuno ndiyo inkayendetsa ulendo, ndipo inandifikitsa kuseri kwa magalaji, pamene bambo wina ankakazinga nkhumba pachiwaya chachikulu, mafuta akuthetheka, utsi uli tolotolo. Ndinayamba ndi pang'ono, yongolawa. Kenako ndinati andionjezere, koma asankhe ija ya chikopa chokhuthala, yonona mpaka mkati. Chipisi chinabwera. Tsabola wa kambuzi ndinathira ngati ndikubwezera chipongwe. Potsitsira, chakumwa chozizira cha gasi, n'kuitanitsanso china. Amakaniko amene ndinaima nawo pachiwayapo anasiya kudya n'kumandionerera, mpaka mmodzi anafunsa ngati ndangotuluka kumene kundende. Ndinamuuza kuti ndangothawako, madzulo ndibwerera.

Mimba itakana, nthuli zingapo zinatsala pambale. Munthu wanzeru akanazisiya. Ine ndinati andikulungire, ndipo anaziika m'kajumbo kopyapyala kaja kamabooka ukangokayang'ana. Ndinakalowetsa m'thumba la malaya la pachifuwa, n'kuvala jekete pamwamba, cholinga ndikadye mobisa m'galimoto la nkhuku lija. Nthochi ndinapatsa amakaniko. Madzi a adyo ndinathirira mtengo wina umene sunandilakwire kanthu.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lili pamutu, ine ndili m'jekete. M'tauni ndinakwera minibasi ya kwathu, ndipo anandipanikiza pakati pa mayi wina wa dengu la tomato ndi bambo wina wamkulu thupi ngati ine ndemwe. Chakudya chija ndi kutentha zinandigoneka tulo pang'ono, zoti m'thumba muli kanthu n'kuiwaliratu.

Titadutsa Area 18 ndinadzidzimuka ndi moto pansi pa chifuwa. Unayamba pang'onopang'ono, n'kumakwera, mpaka unafika pakhosi. Chifuwa chinathina ngati wina wachimanga ndi lamba. Thukuta linayamba kutsika m'makutu. Ndinayesa kupuma mokoka, mpweya unakana kulowa wonse. Ndiye ndinalowetsa dzanja m'jekete kuti ndigwire pamtima, ndipo ndinamva ponyowa, pofunda, poterera. Nditatulutsa dzanja, zala zinali mafuta okhaokha.

Musekeretu, koma ine panthawiyo sindinaseke. Mawu a a Mhango anandibwerera onse. Ndinati basi, aphulika. Ndinaona bambo anga ali chigonere pakati pa mizere, ndinaganiza za Tadala amene anali pafupi kulemba mayeso, ndinaganiza zoti ndifera pakati pa anthu osandidziwa, mwendo uli pa dengu la tomato. Mantha amenewo anali enieni, ndipo sindingawafunire munthu wina aliyense.

Ndinatembenukira kwa mayi wa tomato n'kumuuza chapansipansi kuti ndili ndi vuto la mtima ndipo ndikuona ngati nthawi yakwana. Ndinkayembekeza kuti andithandiza mwakachetechete. Mayiyo anali ndi mawu a pamsika. Minibasi yonse inadzuka. Wina anati atsegule mawindo, amene anali otsegula kale. Wina kumbuyo anandikhuthulira botolo la madzi pamutu osandichenjeza. Bambo wamkulu thupi uja anayamba kundikupiza ndi chipewa chake, uku akundipanikizabe chimodzimodzi. Mayi wina anayambitsa pemphero lamphamvu, lodzudzula mzimu wa imfa ndi kuutchula mayina. Ndipo bambo wina wa suti kutsogolo anati iye akuchedwa ku chinkhoswe, kodi sindingapirire mpaka tifike ku Kanengo. Kondakitala wa chipewa chofiira uja ndiye anagamula, anauza dalaivala akhotere kuchipatala chapafupi, ati iye sakufuna maliro m'galimoto la abwana ake.

Apa m'pamene ndinachita chinthu chimene ndimadziluma nacho lilime mpaka lero. Ndinapereka foni kwa mayi wa tomato kuti aimbire akazi anga, poti manja anga ankaterera. Mayiyo anaimba, n'kuika pokweza mawu kuti ndimve bwino. Ndinamvadi bwino, pamodzi ndi minibasi yonse.

"Mayi a Tadala, ine ndikupita. Musamale ana. Komanso ku Biwi sindinapite kukafuna sipeya ayi. Ndinakadya nkhumba. Mundikhululukire."

Pemphero lija linaima kaye. Kenako mawu a mayi a Tadala anamveka bwinobwino pafoni.

"Nkhumba yochuluka bwanji?"

Ndinati yambiri. Pamenepo m'pamene anayamba kulira.

Kuchipatala amuna angapo anandinyamula mwendo uku mkono uku. Ndikanatha kuyenda ndekha, koma palibe anandifunsa, ndipo pokhota pakhomo anandigunditsa mutu pachitseko. Theka la anthu a m'minibasi linatsatira mpaka m'kachipinda koyezera, ati aone mathero ake. Namwino anali mayi wachikulire wooneka kuti anaona zambiri. Anati ndivule jekete. Nditavula, pamalaya oyera aja, kumanzere, pamtima penipeni, panali chibanga chachikulu chachikasu, chonyezimira, chikutsikira kumimba. Mayi wa tomato anagwira pakamwa n'kunong'oneza anzake kuti taonani, mafuta aja atulukira kunja.

Namwino anawerama pang'ono, ananunkhiza, anapisa zala ziwiri m'thumba langa, n'kutulutsa kajumbo kobooka, nthuli zikuonekera. Anakaika patebulo pambali pa mankhwala. Anandivula malaya n'kuyamba kundimata timawaya toyezera mtima pachifuwa. Chipinda chonse chinali chete. Ndipo nthawi imeneyo, osati ina, m'pamene ndinageya. Sikunali kugeya kwa masiku onse ayi. Kunali kwautali, kochokera pansi penipeni, kwa tsabola ndi gasi, kokhala ndi chiyambi, pakati ndi mathero. Lamba uja wa pachifuwa anamasuka nthawi yomweyo. Ndinayesa kupitiriza kubuula pang'ono kuti ndisungeko ulemu, koma palibe anakhulupirira. Bambo wa suti anayang'ana wotchi yake, n'kundiyang'ana ine. Kondakitala anatuluka atagwira khoma ndi kuseka, ndipo anthu ake anamutsatira mmodzimmodzi, wa pemphero uja pomalizira, akuoneka kuti wakhumudwa nane.

Mayi a Tadala anafika pagalimoto la a Mhango, pamodzi ndi amayi awiri a kumpingo amene anali atamanga kale zitenje m'chiuno. Analowa akulira, maso ali psuu. Anandipeza nditakhala tsonga pabedi, wopanda malaya, ndikupuma bwino kuposa iwo. Anayang'ana ine, anayang'ana kajumbo patebulo. Kulira kunatha ngati wina watseka mpopi.

Achipatala anatisunga nthawi ndithu, kundiyeza magazi, kundimatanso timawaya tija. Pomaliza dokotala, mayi wachitsikana wa magalasi, anati mtima sukuonetsa kuti wavulala, chimene chinandigwira ndi chilungulira, kutentha kwa pachifuwa kobwera ndi chakudya chonona ndi tsabola. Anati ndinachita bwino kubwera, chifukwa kupweteka kwa pachifuwa si koyerekeza nako, makamaka munthu wa magazi othamanga. Ine ndinaona mpata. Ndinafunsa mokweza, kuti a Mhango ndi amayi onse amve, ngati zikutanthauza kuti mafuta a pamtima aja si vuto.

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anati munthu aliyense ali nawo mafuta pang'ono pamtima, koma akachuluka amayenda limodzi ndi mimba yaikulu, magazi othamanga ndi shuga, ndipo anthu otere matenda a mitsempha ya mtima amawapeza kawirikawiri kuposa anzawo. Anati saphulika, safinya mtima ngati nsato, ndipo adyo sawasungunula. Zimaonongeka pang'onopang'ono kwa zaka, ndipo kukonza kwake n'kwapang'onopang'ononso, kumwa mapiritsi mosadumphitsa, kuyenda pansi, kuchepetsa mafuta ndi mchere, osati kumulanda munthu chakudya chonse mpaka azikabisala ku Biwi.

"Sakuphani Loweruka lino, bambo," anatero potsiriza. "Koma mukamawadyetsa chonchi tidzakumananso, ndipo tsiku limenelo kugeya sikudzathandiza."

Pa mawu onsewa ine ndinatolapo zoti adyo sathandiza. Mayi a Tadala anatolapo zoti tidzakumananso.

Pobwerera anandikhazika kumbuyo pakati pa amayi a kumpingo aja, ndili m'malaya anga a mafuta. Mayi a Tadala anakhala kutsogolo, atanyamula kajumbo kaja kamene namwino anawapatsa ati ndi katundu wa wodwala. A Mhango anayamba kundilalikira za kudziletsa. Titayenda pang'ono anati fungolo likusokoneza wodwala, komanso chakudya sichitayidwa, awapatse iwo achisamale. Anadya nthuli zonse uku akuyendetsa, ulaliki osauleka. Atamaliza anapukuta zala pachiwongolero, anandiyang'ana pagalasi, n'kufunsa ndi mawu otsika kuti ku Biwiko ndi pati kwenikweni pamenepa.

Kunyumba tinapeza mipando yonse ya pabalaza ili panja. Oyandikana nawo atamva kulira anali atayamba kale kukonza malo a anthu odzakhuza. Mayi a Tadala anawathokoza onse mwaulemu, n'kuwauza kuti asavutike kubweza, mwiniwake walamulidwa ndi dokotala kuti azilimbitsa thupi. Ndinalowetsa ndekha mpando umodziumodzi, mpaka sofa, anthu ataima pamsewu akuonerera malemu akugwira ntchito.

Anthu atabalalika ndinawapeza mayi a Tadala kukhitchini, atangoima, osaphika kanthu. Ndinkayembekeza mkuntho. Koma anangondifunsa, osandiyang'ana, kuti ndikanafadi mu minibasi muja anawo akanawauza chiyani. Anati kuyambira tsiku la kuchipatala lija sagona bwino, amadzuka kumvetsera ngati ndikupuma. Ine zimenezo sindinkazidziwa, ndinkangowerengera bonongwe. Ndinatenga malaya aja n'kukawanyika ndekha m'beseni. (Chibangacho sichinachoke. Pano ndi chopukutira pansi.)

Masiku ano zinthu zinasinthako. Mchere unabwerera, koma amathira ndi mayi a Tadala. Nkhuku ndimadya, yochotsa chikopa, kutanthauza kuti yochotsa chifukwa chodyera nkhuku. Mapiritsi ndimamwa. Dzuwa likapepa timayenda pansi awiriwiri kuzungulira dera lathu, njira amasankha iwo, ndipo ndi yokhotakhota modabwitsa chifukwa imalambalala chiwaya chilichonse. Lamba wanga wabwerera m'mbuyo pang'ono, ndipo namwino wa kuntchito sakundifunsanso ngati ndabwera ndikuthamanga. A Mhango sanakayezetsebe.

Anthu akandifunsa kuti ndinaphunzirapo chiyani, pagulu ndimayankha zabwinozabwino, za kusamala thupi ndi kumvera achipatala, ndipo si zabodza. Koma inu ndikuuzeni chimene chinakhazikika kwenikweni m'mutu mwanga. Munthu usamafulumire kulapa usanatsimikize kuti ukufadi. Yamba wageya kaye.